N'chifukwa Chiyani Ngwazi ya ku Arabia Inkauluka pa Kapeti?

Ana inu, tisanalowe m'nkhani tiyeni tiyambe ndi kamasewera. Tolani kamtengo, musalaze mchenga pabwalo, ndipo mujambule mphunzitsi. Osalemba dzina, osalankhula. Mnzanu angoona chithunzicho n'kudziwa yekha kuti awa ndi aphunzitsi. Mutani? Ambiri muwagwiritsa choko m'manja n'kujambula bolodi kumbuyo kwawo. Namwino mumuveka kachipewa, msodzi mumukweza m'bwato. Zimenezo n'zosavuta, poti anthu amenewa mumawaona tsiku ndi tsiku.

Tsopano jambulani munthu wa ku Ireland. Mukatha, wa ku Saudi Arabia. Ndakupatsani mphindi imodzi yokha.

Kamtengo kaima, si choncho? Simunafikeko, simunadye nawo m'mbale imodzi, simudziwa ngakhale mmene amaperekera moni. Zikatero dzanja limangothamangira kanthu kalikonse komwe munamvapo kapena kuona pa kanema. Ndi mmenenso zinawachitikira akuluakulu ena a ku New York omwe ankajambula makomiki, timabuku tija tofotokoza nthano ndi zithunzi za m'timabokosi, mawu a anthu ali m'timabaluni totuluka pakamwa. Atafuna ngwazi ya ku Arabia, anaiveka nduwira kumutu, kuigwiritsa lupanga lokhota, n'kuiimika pa kapeti youluka. Dzina lake Arabian Knight. Atafuna ya ku Ireland, anaiveka zobiriwira n'kuipatsa mphamvu ya mwayi, poti ku America kuli kanenedwe koti anthu a ku Ireland ndi amwayi. Anaitcha Shamrock, dzina la katsamba komwe ndi chizindikiro cha dzikolo. Nanga ya ku Russia? Imeneyo, Ursa Major, inkasanduka chimbalangondo.

Munaonapo akuumba njerwa? Woumba amaponda dothi, kulitapa, kuliponya m'chikombole, kusalaza pamwamba ndi chikhatho, n'kukakhuthula pansi. Njerwa. Abwerezanso. Njerwa ina, yofanana ndi yoyamba ija ngati mapasa. Dothi likhale la pachulu kapena la kudambo, chikombole sichifunsa, chimatulutsa maonekedwe omwewo. Pa njerwa n'zabwino zedi, khoma limawongoka. Koma pali chikombole china chomwe chimakhala m'mutu mwa munthu. Mwini wake amatapa anthu a mtundu wonse, aatali ndi aafupi, oseka ndi andwii, madokotala ndi alimi, kuwaponyamo, n'kutulutsa munthu mmodzi yekha: "Anthu a uko amatere."

Pa Chingerezi chikombole cha m'mutuchi amachitcha stereotype, ndipo mawuwa anachokeradi ku ntchito youmba. Kale osindikiza mabuku ankathira chitsulo chosungunula m'chikombole kuti apange chimbale cha tsamba lonse, ndipo chimbalecho chinkadinda tsamba lomwelo kambirimbiri osasintha ngakhale kadontho. Mu 1922 mtolankhani wina wa ku America, Walter Lippmann, anabwereka mawuwa pofotokoza zithunzi zomwe timasunga m'mutu za anthu omwe sitikuwadziwa bwino.

Chikombolechi chinalowa bwanji m'makomiki? Mu 1938 anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ana a mabanja achiyuda ochokera ku Europe, anatulutsa Superman m'buku lotchedwa Action Comics. Linkagulidwa masenti 10 okha, ndipo ana analilanda ngati mandasi otentha. Makampani ena ataona ndalama, ngwazi zinatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Ojambula ambiri ankalipidwa powerenga masamba omwe amaliza, ndiye aliyense ankathamanga. Mapepala anali otchipa, inki ya mitundu inayi yokha, kabokosi ka chithunzi kang'ono ngati chikhatho chanu. Munthu wothamanga chotere alibe nthawi yofufuza kuti ku Cairo anthu amavala chiyani popita ku ntchito. Amangotola chikombole chomwe chili pafupi.

Kenaka kunagwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pachikuto cha buku loyamba la Captain America, la 1941, Joe Simon ndi Jack Kirby anajambula ngwazi yawo ikumenya Adolf Hitler chibakera cha pachibwano. Hitler anali munthu mmodzi, wodziwika dzina, ndipo zoipa zake zinali zenizeni. Koma dziko la Japan litaphulitsa doko la Pearl Harbor mu Disembala 1941, makomiki ambiri anayamba kujambula Mjapani aliyense ndi mano aatali osongoka, zala ngati zikhadabo, khungu lachikasu ngati dzungu. Msilikali ndi munthu wamba, onse nkhope imodzi. Chaka chotsatira boma la America linachotsa m'nyumba zawo anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani n'kukawatsekera m'makampu ozunguliridwa ndi waya waminga. Ambiri mwa iwo anali nzika zobadwira mu America momwemo, ndipo munali ana a msinkhu wanu. Makomiki si omwe analamula zimenezo. Koma munthu amene wazolowera kuona mnansi wake atajambulidwa ngati chilombo, chisoni chimamuchedwa.

Chomvetsa chisoni china n'choti chikombolechi sichinkasiya ngakhale abwenzi. Munali nthano ya oyendetsa ndege zankhondo otchedwa Blackhawks, ochokera m'mayiko osiyanasiyana: wa ku France, wa ku Poland, wa ku America ndi ena. Onse aatali, ovala yunifomu yabuluu. Mnzawo wa ku China, dziko lomwe linali mbali imodzi ndi America pankhondoyo, anamupanga wophika. Wamfupi, wonenepa, mano panja, tsitsi lomanga kamchira, chimpeni chodulira nyama m'manja. Yunifomu sanamupatse. Dzina lenileninso ayi, ankangomuti Chop-Chop. Panapita zaka zambiri asanamujambule ngati munthu, kumuveka ngati anzake, n'kumupatsa dzina lachitchaina.

Ana asukulu apita ku ofesi

Pa nkhani zonse za makomiki, iyi ndiyo ndimaikonda koposa, chifukwa ngwazi zake ndi ana asukulu ngati inu nomwe.

M'zaka zankhondo zomwezo munali ngwazi yotchedwa Captain Marvel, ya kampani ya Fawcett. Lero timaidziwa ndi dzina loti Shazam. Anali mwana wamasiye, Billy Batson, yemwe akangofuula mawu amodzi amatsenga mphezi inkang'anima, iye n'kusanduka chimunthu champhamvu chovala zofiira. Ana ankamukonda kwabasi, moti nthawi ina mabuku ake ankagulidwa kuposa a Superman, makope oposa miliyoni pa buku limodzi. Mu 1942 olemba anamupatsa wantchito wachikuda dzina lake Steamboat. Tamvani mmene anamujambulira: milomo yotenga pafupifupi theka la nkhope, maso otong'oka, Chingerezi chopindikapindika. Ntchito yake m'nthanomo inali yoti owerenga azimuseka.

Nkhope imeneyo ojambula sanaipeke okha. Anaitola m'zisudzo zakale za ku America za m'zaka za m'ma 1800, momwe azungu ankadzipaka mwaye kumaso, kujambula milomo ikuluikulu, n'kumavina ndi kulankhula monyoza anthu akuda. Chikombole chimenecho chinali chakale kuposa makomiki, ndipo anthu anali atachizolowera mpaka kusiya kuchiona.

Ana ndiwo anachiona. Mu 1945 ana a m'sukulu za ku New York, akuda ndi oyera pamodzi, a m'gulu lotchedwa Youthbuilders, anakambirana za Steamboat n'kugwirizana chimodzi. Sanang'ambe mabuku, sanagende mawindo. Ananyamuka ulendo wa ku ofesi ya Fawcett kukaonana ndi mkonzi wamkulu, bambo Will Lieberson. Taganizani mmene mtima umagundira mukaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Awa sanaitanidwe n'komwe, anapita okha kwa munthu wamkulu wosamudziwa, kukamuuza kuti walakwitsa.

Mkonziyo anawayankha kuti m'makomiki aliyense amajambulidwa moseketsa, azungu omwe. Anawo sanabwerere m'mbuyo. Anamuonetsa chithunzi cha Steamboat n'kumuuza kuti anthu akuda saoneka chonchi, koma owerenga anu ochulukawo aziganiza kuti ndi mmene alili. Bambo Lieberson anamva. Steamboat anachotsedwa chaka chomwecho.

Tiyeni tiime pang'ono pa yankho la mkonzi lija, chifukwa mudzalimva kambiri m'moyo: "N'zongoseka izi, aliyense timamuseka." Kodi ananama? Ayi. Mdani wa Captain Marvel, Dr. Sivana, anali mzungu wadazi, wamano aakulu, woseketsa maonekedwe. Koma tsegulani bukulo muwerenge azungu omwe alimo. Ngwazi, mzungu. Billy, mzungu. Bwana wa nyumba ya wailesi komwe Billy ankagwira ntchito, apolisi, anthu odutsa mumsewu, onse azungu. Sivana anali mmodzi pakati pa chinamtindi cha anthu, ndipo palibe mwana akanaganiza kuti azungu onse ndi adazi ndi oipa mtima. Steamboat anali yekhayekha. Mwana wa kumudzi wina wa ku America amene sanasewerepo ndi mwana wakuda, munthu wakuda yemwe ankamudziwa anali Steamboat basi. Nanga mwana wakuda amene wasunga masenti ake 10, wagula buku, akutsegula tsamba ndi tsamba kufunafuna nkhope yonga yake, n'kupeza imeneyo? Mawa lake kusukulu anzake amuitana dzina liti? Ine zimenezi zimandiwawa mumtima ngakhale papita zaka zoposa 80.

Komabe kuchotsa Steamboat sikunathetse nkhani. Makampani ambiri, m'malo mophunzira kujambula anthu akuda bwino, anangowasiyiratu. Masamba anayera mbee. Mtolankhani wachikuda wa ku Philadelphia, Orrin Evans, anati ngati ena sakufuna, tijambula tokha. Mu 1947 anatulutsa All-Negro Comics, buku lomwe olemba ndi ojambula ake onse anali akuda. Munali ngwazi yotchedwa Lion Man, mnyamata wophunzira sayansi yemwe anatumidwa ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, kukalondera phiri la miyala yamtengo wapatali. Bukulo linatuluka kamodzi kokha, lachiwiri silinaoneke.

Wojambula wina wa mtundu wachitchaina, Chu Hing, anachita zake zochenjera mu 1944. Ngwazi yake, Green Turtle, inkateteza China pankhondo, koma mukatsegula masamba mupeza kuti nkhope yake siioneka bwinobwino. Pena yatembenuka, pena mkono waphimba, pena chinsalu cha kumsana chatchinga. Mbiri yomwe imamveka ndi yoti eni kampani anakana ngwazi yachitchaina, ndiye iye anabisa nkhopeyo kuti owerenga aziganizira okha. Patapita zaka 70, mu 2014, Gene Luen Yang ndi Sonny Liew anaidzutsa ngwaziyi m'buku la The Shadow Hero, n'kuionetsa nkhope: mnyamata wa banja lachitchaina, wothandiza bambo ake kugulitsa m'golosale.

Nanga ife a kuno ku Africa?

Kwa zaka zambiri Africa wa m'makomiki a ku America anali nkhalango yokhayokha. Mfumu kapena mfumukazi ya nkhalangoyo inkakhala mzungu wovala chikopa cha nyama, monga Tarzan kapena Sheena. Eni dziko ankaoneka atasenza katundu, atagwira mikondo, kapena akuthawa mkango kudikira mzungu awapulumutse. Sukulu munalibe, msika munalibe, agogo osimba nthano madzulo munalibe.

Zinthu zinagwedezeka mu 1966. Buku la Fantastic Four nambala 52, lomwe pachikuto pake panalembedwa mwezi wa Julayi, mwezi womwewo umene Malawi anakhala ripabuliki, linabweretsa T'Challa, Black Panther. Stan Lee ndi Jack Kirby anamupanga mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, lomwe atsamunda sanalilamulepo, lolemera ndi chitsulo chodabwitsa cha vibranium. Iye mwini anali katswiri wa sayansi. Anaitana ngwazi zinayi za ku America za m'bukulo kwawo, kuzitchera misampha ya makina opanga yekha, n'kuzisautsa imodziimodzi pofuna kudziyesa mphamvu. Kwa owerenga a nthawi imeneyo, zinali ngati kuona mbuzi ikuthamangitsa fisi.

Koma chikombole sichisweka tsiku limodzi. Mu 1969 T'Challa anamupatsa mdani wa ku Wakanda komweko, M'Baku, wovala chikopa cha nyani wamkulu woyera wa mtundu wa gorila, ndipo dzina lake lankhondo linali Man-Ape, kutanthauza munthu-nyani. Kufanizira munthu wakuda ndi nyani ndi chipongwe chakale chowawa kwambiri. N'chifukwa chake pamene Ryan Coogler ankakonza filimu ya Black Panther ya 2018, dzina limenelo analitaya. M'Baku anakhala mtsogoleri wa fuko la Jabari la kumapiri, wonyada, wanthabwala, yemwe pamapeto anathandiza mfumu pamene zinthu zinathina. Mukadzaonera filimuyi mutchere khutu: chilankhulo cha ku Wakanda ndi Chixhosa chenicheni cha ku South Africa. Muyang'anenso bwino pabwalo la akuluakulu a mfumu. Mayi mmodzi wokhala pamenepo ndi Connie Chiume, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa yemwe bambo ake anali ochokera ku Malawi. Anatisiya mu 2024.

Ine Wakanda ndimamukonda, koma ndili naye ndi kadandaulo. Ndi dziko lopeka. Africa weniweni ali ndi mayiko 54 ndi zilankhulo zoposa 1,000, ndipo mwana wa ku Dakar ndi wa ku Chipata amasiyana zakudya, nyimbo, ngakhale masewera. Ngwazi zambiri za ku America zimakhala m'misewu yeniyeni ya New York, yoti munthu angathe kukayendamo. Ife kwa nthawi yaitali ankatiika m'mudzi umodzi waukulu wopanda dzina.

Mu 1975 Len Wein ndi Dave Cockrum anasonkhanitsa gulu latsopano la X-Men kuchokera m'mayiko ambiri, ndipo cholinga chawo chinali chabwino. Munali Colossus, mnyamata wa pafamu ku Russia, Nightcrawler wa ku Germany, Wolverine wa ku Canada, Sunfire wa ku Japan, Banshee wa ku Ireland, Thunderbird wa mtundu wa Apache, ndi Storm wa ku Africa. Zikombole zinalimo ndithu. Thunderbird anamuveka nthenga kumutu, kumupanga waukali nthawi zonse, n'kumupha patangopita mabuku owerengeka chaka chomwecho. Banshee atapita kwawo, m'nyumba ya makolo ake munapezeka tianthu tating'ono ta m'nthano za ku Ireland. Storm anamupeza ku Kenya anthu akumugwadira ngati mulungu wa mvula, ngati kuti Akenya a mu 1975 sakanatha kuzindikira kuti uyu ndi munthu mnzawo.

Koma taonani chomwe chinachitikira Storm. Wolemba wina, Chris Claremont, anakhala naye zaka zambiri, ndipo mwezi ndi mwezi ankamuwonjezera kanthu. Tinadziwa kuti dzina lake ndi Ororo Munroe, mayi ake Mkenya, bambo ake wojambula zithunzi wachikuda wa ku America. Tinadziwa kuti ali kamwana ku Cairo nyumba inawagwera, makolo ake n'kufera pomwepo, iye n'kutsala wopanikizika pansi pa zigumukire. Kuyambira pamenepo malo othina amamuopsa, ngakhale ali ndi mphamvu yoitana mphezi. Anakulira mumsewu akupisa m'matumba mwa anthu kuti adye, ndipo amadziwa kutsegula loko wopanda kiyi. Amakonda maluwa, chipinda chake chinadzaza ndi mbewu zomwe amazithirira ndi kamtambo kopanga yekha. Nthawi ina mphamvu zake zinatha, komabe mu 1986 anapambana mnzake Cyclops pa mpikisano wolimbirana utsogoleri wa gululo, ndi nzeru zokha. Mwaona? Njerwa ija yasanduka munthu.

Anzathu a kapeti ndi katsamba aja mwayi umenewu sanaupeze. Ambiri anakumana mu 1982 m'nthano yotchedwa Contest of Champions, momwe ngwazi za mayiko osiyanasiyana zinapikisana. Munalinso Collective Man wa ku China, abale asanu olowana n'kukhala munthu mmodzi, ngati kuti Atchaina ndi chigulu chabe chopanda nkhope. Wa ku Argentina anavala zida zachitsulo zonga za asilikali a ku Spain omwe analanda mayiko a kumeneko kalekale. Wa ku Germany anamutcha Blitzkrieg, mawu okumbutsa nkhondo ya Hitler, ngakhale nkhondoyo inali itatha zaka 37 m'mbuyomo.

Wina afunsa kuti, "Nanga Captain America savala mbendera ya kwawo? Cholakwika n'chiyani kuvala za kwanu?" Funso labwino, ndipo palibe cholakwika. Nafenso timanyadira chitenje chathu ndi mbendera yathu. Koma yesani izi. Muvuleni Captain America mbendera ndi chishango. Patsala Steve Rogers, mnyamata wowonda wodwaladwala yemwe ankakanidwa usilikali, wodziwa kujambula, wolira mnzake Bucky. Muvuleni Spider-Man chigoba. Patsala Peter Parker, wosowa ndalama ya lendi, wodera nkhawa azakhali ake okalamba. Tsopano mulandeni Arabian Knight kapeti, lupanga ndi nduwira. Patsala zochepa kwambiri. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Ngwazi za ku America zinalipo mazanamazana, aliyense ndi khalidwe lake, pamene dziko lonse la Saudi Arabia linapatsidwa munthu mmodzi wotengedwa m'nthano zakale.

Amene anatola cholembera okha

Mnyamata wina wachikuda wa ku Detroit, Dwayne McDuffie, anawerenga nthano ya Black Panther ya mu 1973 yolembedwa ndi Don McGregor, yomwe inkachitikira ku Wakanda. Chinamudabwitsa n'choti mfumu inali yakuda, mdani wakuda, alonda akuda, alimi akuda, abwino ndi oipa omwe. Atakula anafotokoza kuti munthu wakuda akakhala mmodzi yekha m'buku amasenza mtundu wonse pamutu, koma akachuluka aliyense amamasuka kukhala mmene alili. Mu 1993 iye ndi anzake Denys Cowan, Michael Davis ndi Derek Dingle anayambitsa kampani ya Milestone. Anatulutsa Static, mnyamata wasukulu wokonda sayansi ndi nthabwala, Hardware, katswiri wopanga makina wokwiyira bwana wake, ndiponso Icon ndi Rocket, bambo wachikulire wosunga mwambo ndi mtsikana wolankhula mosaopa, omwe ankatsutsana pafupifupi pa chilichonse. Onse akuda, palibe wofanana ndi mnzake.

Mu 2014 kunabwera Kamala Khan, Ms. Marvel, mtsikana wa zaka 16 wa ku Jersey City, Msilamu wa makolo ochokera ku Pakistan. Mwa omwe anamupanga munali Sana Amanat, yemwe anakulira m'banja lotero, ndi wolemba G. Willow Wilson, Msilamu nayenso. Kapeti youluka mulibe. Muli mtsikana wolemba tinthano ta ngwazi pa kompyuta, wokangana ndi makolo pa nkhani yopita kuphwando, wokhala ndi mchimwene wopemphera kwambiri ndi mnzake wovala hijabu pamene iye savala. Tsiku lomwe anapeza mphamvu yosintha thupi, anayamba wasanduka mzungu wa tsitsi loyera, poti m'mutu mwake ngwazi inkaoneka choncho. Zinamutengera nthawi kuti alimbe mtima kupulumutsa anthu ndi nkhope yakeyake.

Kuno kwathu nakonso zolembera zagwira ntchito. Ku South Africa Loyiso Mkize anapanga Kwezi, mnyamata wa mumzinda wokonda kutchuka. Ku Nigeria kuli kampani ya Comic Republic ya Jide Martin. Ndipo pafupi pomwepa, mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, anapeka Supa Team 4, katuni yomwe inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Ndi atsikana anayi asukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, omwe amateteza mzinda wa Lusaka motsogozedwa ndi mayi wachikulire, Mama K. Lusaka weniweni, dzina lake lomwelo. Wina ndi katswiri wa mpira, wina wopanga zipangizo, ndipo amakangana ngati mmene mumakanganirana inu pobwera kusukulu.

Tsopano ndikunong'onezeni kanthu, poti chikombole si cha ku New York kokha. Ndaonapo ana mumsewu akuthamangira mlendo wa maso aang'ono, akufuula kuti "Tchaina! Tchaina!" uku akudumpha ndi kutema mphepo ndi manja ngati a m'mafilimu a karate. Mwina munthuyo ndi wa ku Japan kapena ku Korea. Mwina ndi dokotala yemwe sanamenyepo munthu chibadwire. Mwina anabadwira konkuno ndipo Chichewa amachidziwa kuposa inu. Ndamvaponso akuluakulu akuseka kuti a mtundu wakuti ndi otere, a chigawo chakuti ndi otere, ana ali pomwepo akumvetsera. Akuluakulu akale anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pa nsomba za m'dengu n'zoona. Koma mnzanu wa m'kalasi wochokera kuchigawo china si usipa, ndipo zomwe anachita munthu wina wa kwawo sizimununkhitsa iye.

Bwererani pamchenga paja, kamtengo m'manja. Ulendo uno jambulani ngwazi ya kwanu, ya m'mudzi mwanu kapena m'tauni yanu. Ivekeni chomwe mukufuna, kaya mbendera, kaya chitenje, kaya yunifomu ya sukulu. Koma musanajambule mphamvu zake, yambani mwayankha izi. Dzina lake lenileni ndani, ndipo analitcha ndani? Imakhala ndi amayi, agogo kapena azakhali? Ndiwo zomwe imadana nazo ndi ziti? Usiku magetsi akazima kapena nyali ikatha mafuta, imaopa chiyani? Inalakwirapo ndani, ndipo inapepesa? Mukatha, jambulani ina ya m'mudzi womwewo yosiyana nayo pa zonse, yoti zikakumana pachitsime zitha kukangana. Kenaka fufutani mbendera ija ndi phazi, muitane mnzanu, akuuzeni chomwe chatsala pamchengapo.